Munthu ndi Malo Omuyenera: Ntchito ya Linebacker mu Mpira wa ku America

Omvera ambiri m'maboma onse amaudziŵa bwino mpira wamiyendo, ndipo amadziŵanso kuti mnyamata wodziŵa kugoletsa zigoli angathe kusoŵa chochita tsiku limene mphunzitsi wa timu amuika kumbuyo kuti azitchinga. Munthuyo ndi yemweyo, miyendo yake ndi yomweyo, koma malo amene amuimikapo sagwirizana ndi luso lake. Nkhani ya lero ikufotokoza chinthu chomwechi, koma mumtundu wina wa mpira umene amaseŵera ku United States. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira, amaunyamula ndi kuuponya ndi manja, ndipo oseŵera ake amavala zisoti zolimba ndi zotetezera mapeŵa.

Mumpira umenewu muli woseŵera wotchedwa linebacker, dzina lotanthauza munthu wochirikiza mzere ataima kumbuyo kwake. Pa oseŵera onse oteteza, iyeyu ndiye amene ntchito yake imasintha kwambiri malinga ndi mmene mphunzitsi wakonzera kaimidwe ka gulu lake. Motero funso lakuti linebacker wabwino ndi wotani lilibe yankho limodzi. Pamafunika kudziŵa kaye kumene adzaima, anthu amene adzakhala patsogolo pake, ndiponso chimene adzatumidwa kuchita. Matimu amene adanyalanyaza zimenezi adaononga chuma, ndipo anyamata ena aluso adatsala pang'ono kutha ntchito pachifukwa chimene sichidali chawo.

Kaseŵeredwe ka mpirawu

Timu iliyonse imakhala ndi oseŵera 11 m'bwalo. Bwalolo ndi lotalika mayadi 100, ndipo kumapeto kwake konse kuŵiri kuli chigawo cha mayadi 10, chimene munthu akaloŵamo ndi mpira amapatsa timu yake mapointi 6. Gulu limene lili ndi mpira, limene m'nkhani ino litchedwa oukira, limapatsidwa maulendo anayi oti lisunthire mpirawo kutsogolo mayadi 10. Likatha kutero limapatsidwa maulendo ena anayi, koma likalephera mpira umapita kwa anzawo. Ulendo uliwonse umatenga masekondi ochepa chabe. Umatha pamene wonyamula mpira wagwetsedwa pansi, kapena pamene mpira woponyedwa wagwa osaŵakhidwa, ndipo magulu aŵiriwo amafolanso moyang'anizana.

Pakati pa oukira pali amuna asanu akuluakulu matupi, amene ntchito yawo ndi kukankha adani ndi kuwatsekereza. Ambiri mwa okankhaŵa masiku ano amalemera makilogalamu oposa 135. Wapakati pa asanuwo ndiye amayambitsa ulendo popereka mpira kwa mtsogoleri wa gululo, wotchedwa quarterback. Mtsogoleriyu angathe kupereka mpirawo m'manja mwa wothamanga kuti adutse nawo pamipata imene okankha atsegula, kapena kuuponya kutsogolo kwa anyamata aliŵiro oŵakha mpira. Palinso wina wotchedwa tight end, amene amaima pambali pa okankha, wamkulu mokwanira kukankha koma wodziŵanso kuŵakha. Mbali imene iye waima imatchedwa mbali yamphamvu, ndipo inayo imatchedwa mbali yofooka.

Oteteza amaima m'magulu atatu. Kutsogolo kuli a pamzere, amene amaŵerama, manja ali pansi, maso ndi maso ndi okankha. Kumbuyo kwenikweni kuli anyamata opepuka olonda oŵakha. Pakati pa magulu aŵiriŵa, mayadi anayi kapena asanu kuchokera pamzere, ndipo pamene pamaima malinebacker. Anthu akamanena za kaimidwe ka 4-3 kapena ka 3-4, nambala yoyamba imaŵerenga a pamzere, yachiŵiri imaŵerenga malinebacker, ndipo otsala anayi ndi a kumbuyo aja.

Ntchito zitatu m'thupi limodzi

Linebacker amatumidwa ntchito zitatu. Yoyamba ndi kutseka mipata ndi kugwetsa wothamanga ndi mpira. Ntchito imeneyi imafuna thupi lolemera ndi mtima wosaopa kugundana ndi wokankha amene amamuposa ndi makilogalamu 30 kapena 40. Yachiŵiri ndi kubwerera m'mbuyo kukalonda oŵakha, ndipo imafuna liŵiro ndi chiuno chofulumira kutembenuka. Yachitatu ndi kuthamangira quarterback kuti amugwetse asanaponye mpira. Iyi imafuna munthu wodzambatuka msanga, wa manja aatali, wotha kupendekeka pozungulira wokankha popanda kugwa.

Vuto ndi lakuti ntchitozi zimakanganirana thupi limodzi. Kulemera kumene kumathandiza pogundana ndiko kumachedwetsa munthu pothamangitsa woŵakha. Oukira amadziŵa zimenezi, ndipo ali ndi chinyengo chimene amachikonda: quarterback amayerekeza ngati akupereka mpira kwa wothamanga, linebacker n'kusunthira kutsogolo kuti akatseke mpata, pomwepo mpira n'kuponyedwa pamalo amene iye wangochokapo. Akuluakulu adati mapanga aŵiri avumbwitsa. Popeza ndi anthu ochepa kwambiri amene amatha ntchito zonse zitatu mofanana, kaimidwe kalikonse ndi njira yogaŵira ntchitozi kwa anthu angapo, kuti aliyense asenze katundu amene mutu wake ungamuthe.

Kaimidwe ka 4-3

Kale oteteza ankaika anthu asanu kapena kuposerapo pamzere, chifukwa oukira ankadalira kwambiri kuthamanga ndi mpira. Kuponya kutayamba kuchuluka, padaoneka kuti pakatikati pa bwalo padali popanda mlonda. Ambiri amanena kuti Bill George wa timu ya Chicago Bears, amene ankaima pakati pa mzere, ndiye adayamba kuŵeramuka ndi kubwerera m'mbuyo m'chaka cha 1954. Amene adakonza maganizo ameneŵa kukhala dongosolo lenileni adali Tom Landry, pamene ankaphunzitsa oteteza a New York Giants. Mu 1956 Landry adatenga Sam Huff, mwana wa m'banja la okumba malasha ku West Virginia, amene kukoleji ankaseŵera pamzere, namuimika pakati kumbuyo kwa amuna anayi. Chaka chomwecho Giants adakhala akatswiri a ligi ya NFL, ndipo mu 1959 nkhope ya Huff idasindikizidwa pachikuto cha magazini ya Time.

Chinsinsi cha kaimidweka ndi chakuti amuna anayi a pamzere amatangwanitsa okankha, kotero kuti linebacker wapakati amakhala womasuka kutsata mpira kumanja kapena kumanzere. Kaŵirikaŵiri woteteza aliyense amapatsidwa mpata umodzi woti aziuyang'anira. Aphunzitsi adapatsa malinebacker atatuwo maina aafupi osavuta kufuula. Wapakati amatchedwa Mike. Iyeyu ndiye amaŵerenga zolinga za adani ndi kuuza anzake poima. Wa kumbali yamphamvu amatchedwa Sam, ndipo popeza amalimbana ndi tight end, ayenera kukhala wamtali ndi wa manja amphamvu. Wa kumbali yofooka amatchedwa Will. Iyeyu sakumana kaŵirikaŵiri ndi okankha, choncho angathe kukhala wopepuka, malinga akhale waliŵiro kuposa anzake aŵiriwo.

Amuna amene adatchuka pamalo a Mike sadali ofanana matupi. Dick Butkus, amene adaseŵera ku Chicago kuyambira 1965 mpaka 1973, ankalemera makilogalamu pafupifupi 111, ndipo ankagunda ngati ng'ombe yamphongo. Jack Lambert, amene adafika ku Pittsburgh Steelers mu 1974, adali wamtali ndi woonda, wosapitirira makilogalamu 100, moti ambiri ankati sangapirire pamalopo. Chimene chidamupulumutsa chidali Joe Greene, chimphona cha pamzere, amene ankaima mopendekeka pakati pa okankha aŵiri ndi kuwagwira onse. Lambert adapeza danga logwiritsira ntchito liŵiro lake ndi nzeru zake, ndipo timuyo idatenga chikho cha Super Bowl kanayi m'zaka zisanu ndi chimodzi.

Zomwezi zidaonekanso ku Baltimore Ravens m'chaka cha 2000. Patsogolo pa Ray Lewis padali Tony Siragusa ndi Sam Adams, aliyense wolemera pafupifupi makilogalamu 150. Aŵiriŵa ankatseka pakati ngati mitengo yogwera mumsewu, Lewis n'kumathamanga momasuka, ndipo adani onse pamodzi adangopeza mapointi 165 m'maseŵera 16. Anthu ankaimba dzina la Lewis, koma theka la ntchito yake linkachitidwa ndi amuna amene maina awo sankamveka kaŵirikaŵiri.

Kaimidwe ka 3-4

Kaimidwe kachiŵiri kadachokera kumakoleji, makamaka kwa Bud Wilkinson wa ku yunivesite ya Oklahoma, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Miami Dolphins ankakagwiritsa ntchito nthaŵi zina mu 1972, chaka chimene adapambana maseŵera awo onse 17. Mu 1974 Chuck Fairbanks ku New England ndi Bum Phillips ku Houston adakasandutsa kaimidwe ka tsiku ndi tsiku.

Pano a pamzere ndi atatu okha. Wapakati, wotchedwa nose tackle chifukwa amaima pamphuno penipeni pa wokankha wapakati, ndiye mzati wa nyumba yonse. M'kaimidwe kakale ka 3-4 iye amayang'anira mipata iŵiri nthaŵi imodzi: amagwira wokankhayo, osalola kusunthidwa, mpaka ataona kumene mpira ukuloŵera. Anzake aŵiri amachita chimodzimodzi ndi okankha a kumapeto. Tsono omvera aŵerenge: okankha ndi asanu, ogwidwa ndi atatu, ndiye kuti aŵiri atsala opanda wowagwira. Nose tackle akapanda kukhala wamphamvu moti pafunike anthu aŵiri omuletsa, okankha aŵiri otsalawo amapita molunjika kwa malinebacker aŵiri a m'kati. Ichi ndicho chifukwa chake linebacker wa m'kati wa 3-4 amafunika kukhala wolemera, wodziŵa kulandira wokankha ndi manja, kumukankhira kumbali, kenaka n'kugwetsa wothamanga. Munthu wopepuka wozoloŵera kuthamanga momasuka amamizidwa pamalo ameneŵa.

Phindu la kaimidweka lili mwa malinebacker aŵiri a kunja, amene amaima chilili kumapeto kwa mzere. Nthaŵi zambiri oteteza amatumiza anthu anayi kukathamangira quarterback. Mu 4-3 anayiwo amadziŵika kale, pakuti ndi a pamzere aja. Mu 3-4 wachinayi sadziŵika. Angachokere kumanja, kumanzere kapena pakati, ndipo okankha amayenera kulota.

Munthu amene adaonetsa dziko mphamvu ya malo ameneŵa ndi Lawrence Taylor, amene New York Giants adamusankha kuchokera ku yunivesite ya North Carolina mu 1981. Poyamba matimu ankatuma wothamanga ndi mpira kuti amutsekereze, monga ankachitira ndi malinebacker ena, koma Taylor ankangomudutsa. Akamuikira wokankha wamkulu, ankamuzungulira ndi liŵiro. Joe Gibbs, mphunzitsi wa timu ya Washington, adafika pochotsa wothamanga mmodzi ndi kuikapo tight end wachiŵiri kuti athandize kumuletsa. Mu 1986 Taylor adagwetsa quarterback maulendo 20 ndi theka, popeza anthu aŵiri akagwetsa pamodzi aliyense amalembedwa theka, ndipo adasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse muligi, ulemu umene oteteza saulandira kaŵirikaŵiri. Kuyambira nthaŵi imeneyo matimu adayamba kulipira ndalama zambiri wokankha wa kumapeto kwa kumanzere, amene amateteza msana wa quarterback woponya ndi dzanja lamanja. Komabe Taylor sankagwira ntchito yekha. Harry Carson ankalandira okankha m'kati, ndipo Carl Banks ankalimbana ndi tight end kumbali inayo, kuti Taylor amasuke kuchita chimene ankachidziŵa koposa.

Nambala zokha sizinena zonse. Bum Phillips ndi mwana wake Wade Phillips ankaimika anthu monga 3-4, koma aliyense ankapatsidwa mpata umodzi monga mu 4-3. M'kaimidwe kotere munthu wopepuka amatha kukhalamo bwino. Ndi kaimidwe kameneka kamene Denver Broncos adatengera chikho mu Febuluwale 2016, ndipo linebacker wawo wa kunja, Von Miller, adasankhidwa kukhala wopambana pa maseŵera otsirizawo. Motero funso lofunika si la nambala chabe, komanso la mipata imene munthu aliyense wapatsidwa.

Amuna amene adasinthidwa malo

Mbiri ya Jonathan Vilma imaonetsa bwino zimene zimachitika kaimidwe kakasintha. New York Jets adamusankha mu 2004 namuika pamalo a Mike mu 4-3. Adali wolemera makilogalamu pafupifupi 104, waliŵiro ndi wanzeru. Chaka chake choyamba adalandira mphotho ya woteteza watsopano wopambana, ndipo mu 2005 adagwetsa anthu ambiri kuposa wina aliyense muligi. Mu 2006 kudabwera mphunzitsi watsopano, Eric Mangini, amene adaphunzira ntchito ku New England, nabweretsa 3-4 ya mipata iŵiri. Vilma adapezeka akulimbana ndi okankha maso ndi maso ulendo uliwonse. Ntchito yake idatsika, mu 2007 adavulala bondo, ndipo mu 2008 Jets adamupereka ku New Orleans Saints. Kumeneko adabwerera kumbuyo kwa amuna anayi, nakhala mtsogoleri wa oteteza, ndipo mu Febuluwale 2010 timu yake idatenga chikho itagonjetsa Indianapolis Colts ndi mapointi 31 kwa 17. Luso la Vilma silidathe mu 2006 n'kubweranso mu 2008. Chimene chidachoka n'kubwerera chidali mthunzi wa amuna a patsogolo pake.

Aaron Kampman wa ku Green Bay Packers adakumana ndi vuto la mtundu wina. Iye adali wa pamzere wa kumapeto mu 4-3, wozoloŵera kuyamba ulendo dzanja lili pansi, ndipo mu 2006 adagwetsa quarterback maulendo 15 ndi theka. Mu 2009 timuyo idatenga Dom Capers kuti akhazikitse 3-4, ndipo Kampman adauzidwa kuti aime chilili monga linebacker wa kunja, nthaŵi zina azibwerera m'mbuyo kukalonda oŵakha, ntchito imene thupi lake silidaizoloŵere. Chiŵerengero chake chidatsika kwambiri, adavulala bondo chakumapeto kwa chakacho, ndipo mu 2010 adasamukira ku Jacksonville kumene ankaseŵera 4-3. Chaka chomwecho cha 2009 Green Bay idasankha mnyamata wina, Clay Matthews, amene kaimidwe katsopanoko kadamukwana ngati malaya osokera iye mwini, ndipo mu Febuluwale 2011 timuyo idatenga chikho. Kusintha kumodzi komweko kudakweza wina ndi kutsitsa wina.

James Harrison ndi chitsanzo cha mbali inayo. Potuluka kukoleji mu 2002 padalibe timu imene idamusankha, chifukwa ankaoneka wamfupi kwambiri kuti akhale linebacker ndiponso wopepuka kwambiri kuti aseŵere pamzere, ndipo adachotsedwa ntchito kangapo. Ku Pittsburgh, pansi pa mphunzitsi Dick LeBeau, kufupika kwakeko kudasanduka chida, pakuti ankaloŵa pansi pa mapeŵa a okankha aatali ndi kuwanyamula. LeBeau ankakonda kusokoneza adani potumiza anthu kuchokera kumene sakuyembekezeka, ndi kubweza m'mbuyo amene akuyembekezeka kuthamangira quarterback. Mu 2008 Harrison adasankhidwa kukhala woteteza wopambana muligi. Pa Super Bowl ya Febuluwale 2009, nthaŵi yopumira itatsala pang'ono, adaoneka ngati akuthamangira quarterback wa Arizona Cardinals koma adabwerera m'mbuyo, naŵakha mpira pamzere wa chigoli cha timu yake, n'kuthamanga nawo mayadi 100 mpaka kumapeto kwina.

Njira ziŵiri zosiyana kotheratu

Aphunzitsi ena adatenga 4-3 naipotoza kuti igwirizane ndi anthu amene adali nawo. Buddy Ryan wa ku Chicago adakonza kaimidwe kotchedwa 46. Dzinali silikuŵerenga anthu. Lidachokera pa nambala ya jezi ya Doug Plank, woteteza wa kumbuyo amene Ryan ankamusendeza pafupi ndi mzere. Ryan ankaika amuna atatu pamaso pa okankha atatu a pakati, kuti pasapezeke wofikira Mike Singletary, ndipo malinebacker aŵiri a kunja, Otis Wilson ndi Wilber Marshall, ankaima mbali imodzi. Anthu asanu ndi atatu ankakhala pafupi ndi mzere. Kaimidwe kameneka kankafuna malinebacker aukali, otha kuthamangira quarterback komanso kutsata tight end munthu ndi munthu. Mu 1985 Chicago idapambana maseŵera 15 mwa 16, ndipo mu Januwale 1986 idagonjetsa New England ndi mapointi 46 kwa 10. Tsiku limodzi lokha limene idagonja lidaonetsa pofooka pake: Dan Marino wa ku Miami adamwaza oŵakha ake m'bwalo monse ndi kuponya mofulumira, kotero kuti malinebacker adakakamizika kulonda anyamata oposa iwo liŵiro.

Tony Dungy ndi Monte Kiffin, atafika ku Tampa Bay Buccaneers mu 1996, adatenga njira yosiyana. Dungy adaseŵerapo ku Pittsburgh m'masiku a Lambert, ndipo maganizo ambiri adawatenga kumeneko. M'kaimidwe kawo, kotchedwa Tampa 2, a pamzere anayi okha ndiwo amathamangira quarterback, ndipo ena onse amalonda zigawo za bwalo, maso ali pa mpira. Alonda aŵiri a kumbuyo amagaŵana bwalo pakati, wina kumanja wina kumanzere, zimene zimasiya mpata pakatikati. Wotseka mpata umenewo ndi Mike, amene amatembenuka ndi kuthamangira m'mbuyo mayadi 15 kapena kuposerapo. Apa liŵiro limaposa kulemera. Derrick Brooks, amene ankaseŵera pamalo a Will kumbuyo kwa Warren Sapp, akadaoneka wamng'ono mu 3-4 yakale, koma kuno adasankhidwa kukhala woteteza wopambana mu 2002, ndipo mu Januwale 2003 timu yake idatenga chikho. Brian Urlacher wa ku Chicago, amene kukoleji ku New Mexico ankaseŵera ngati mlonda wa kumbuyo ngakhale adali wamkulu thupi, adakwanira bwino pamalo a Mike pamene Lovie Smith adabweretsa kaimidweka mu 2004, ndipo chaka chotsatira nayenso adalandira mphotho yomweyo. Nako kaimidweka kali ndi pofooka pake, pakuti anthu opepuka amavutika akakumana ndi timu yokankha molunjika ulendo ndi ulendo.

Mmene zinthu zakhalira m'zaka zaposachedwa

Mu 1978 ligi idasintha malamulo. Oteteza adaletsedwa kugunda woŵakha akapitirira mayadi asanu kuchokera pamzere, ndipo okankha adaloledwa kutambasula manja potsekereza. Kuponya kudayamba kuchuluka chaka ndi chaka, mpaka matimu ambiri adayamba kuloŵetsa oŵakha atatu nthaŵi imodzi. Oteteza adayankha pochotsa munthu mmodzi wolemera ndi kuikapo mlonda wachisanu wa kumbuyo. Kaimidwe kameneka kamatchedwa nickel, dzina la kandalama ka ku America ka masenti asanu. Kale kankaoneka pa maulendo apadera okha, koma kuyambira m'zaka za m'ma 2010 kakhala kakugwiritsidwa ntchito pa maulendo ambiri kuposa 4-3 kapena 3-4.

Chotsatira chake ndi chakuti ntchito ya linebacker yagaŵika paŵiri. Pali amene amaima kumapeto kwa mzere, amene ntchito yawo yaikulu ndi kuthamangira quarterback, ndipo kusiyana kwawo ndi a pamzere a kumapeto kwachepa kwambiri. Palinso aŵiri oima pakati, amene ayenera kulonda bwalo lalikulu kuposa limene Butkus ankalonda. Mu 2015 Arizona idaika Deone Bucannon, amene adali mlonda wa kumbuyo, pamalo a linebacker, chinthu chimene chikadaseketsa aphunzitsi a kale. Fred Warner, amene San Francisco 49ers adamusankha mu 2018, adazoloŵera kukoleji kuseŵera patali ndi mzere, ndipo chizoloŵezi chimenecho ndicho chidamusandutsa mmodzi wa akatswiri a pamalo apakati. Micah Parsons adasankhidwa ndi Dallas Cowboys mu 2021 monga linebacker wapakati, koma aphunzitsi ataona mmene ankadzambatukira adayamba kumuika kumapeto kwa mzere, ndipo chaka chomwecho adagwetsa quarterback maulendo 13. Pamenepo mphunzitsi adatsata luso la munthu, osaumirira dzina la malo.

Chinthu china chimene chingakondweretse okonda wailesi ndi chakuti kuyambira 2008 woteteza mmodzi amaloledwa kukhala ndi kawailesi m'chisoti mwake, ndipo chisoticho chimakhala ndi kadontho kobiriŵira kumbuyo. Kaŵirikaŵiri wovala chisotichi ndi linebacker wapakati. Mphunzitsi amamuuza kaimidwe koyenera, koma mau amadulidwa kukatsala masekondi 15 kuti ulendo uyambe. Oukira akasintha kaimidwe kawo pambuyo pake, linebackeryo ayenera kuganiza yekha ndi kukonza anzake khumi. Luso limeneli siliyezedwa ndi sikelo kapena wotchi, koma ndi limene limasunga anthu ena pantchito ngakhale miyendo itayamba kulema.

Chaka chilichonse matimu 32 a ligi ya NFL amasonkhanitsa anyamata ochokera m'makoleji, kuwayeza msinkhu, kuwaika pasikelo ndi kuwathamangitsa mayadi 40, ndipo m'mwezi wa Epulo amasankha amene awakonda. Manambalawo ndi othandiza, koma mbiri ya Vilma, Kampman ndi Harrison imachenjeza kuti satha kunena okha ngati mnyamata adzapambana. Mphunzitsi wanzeru amayamba wayang'ana anthu amene ali nawo, kenaka n'kusankha kaimidwe. Amene amafika ndi kaimidwe kake m'thumba ayenera kukhala wokonzeka kutaya anthu abwino ndi kufunafuna ena. Mlimi sanyoza nkhwangwa chifukwa chakuti yalephera kupalira, ndiponso sataya khasu chifukwa chakuti lakanika kudula mtengo. Womvera amene adzapeza mwayi woonera mpira umenewu achita bwino kuyamba waŵerenga amuna oŵerama pamzere, n'kuona kumene okankha aŵiri a m'kati akuloŵera mpira ukangoyamba. Akatero adzadziŵa ngati linebacker amene akumuonayo ali pamalo omuyenera.